Singano zoletsa kusanza si mphini

Mwana akatupa nsagwada kapena mimba ku Migowi kapena ku Chiringa m'boma la Phalombe, ulendo wake nthawi zambiri umakathera kuchipatala cha Gulupu mumzinda wa Blantyre, komwe kuli wodi ya ana odwala khansa.

Ambiri mwa anawa amapezeka ndi khansa ya Burkitt lymphoma, yomwe imakonda madera a malungo ambiri. Khansayi imakula mofulumira, koma imamva mankhwala ikapezeka msanga.

Vuto ndi lakuti mankhwala ake, monga cyclophosphamide, amabweretsa mseru ndi kusanza. Mwana amakana ngakhale phala, thupi n'kumatha. Kholo likaona izi limaganiza kuti mankhwala akuwonjezera matenda, ndipo ena amathawitsa mwana chithandizo chisadathe.

Chipatala chili nawo mankhwala oletsa kusanza, monga ondansetron, koma sathetsa vutoli mwa ana onse. N'chifukwa chake madokotala m'maiko ena akhala akuyesa njira yamakedzana ya ku China yotchedwa acupuncture.

Panjirayi, katswiri amabaya timasingano topyapyala pamalo osankhika a thupi. Malo odziwika pankhani ya mseru ndi P6, omwe ali mkati mwa mkono, zala zitatu kuchokera pomwe dzanja limapindikira.

Mu 1997, akatswiri omwe adasonkhanitsidwa ndi bungwe la National Institutes of Health ku America adati njirayi imathandiza akuluakulu omwe akusanza chifukwa cha mankhwala a khansa. Mu 2008, kafukufuku wa ku Germany pa ana 23 adapeza kuti akabayidwa singanozi amasanza pang'ono, komanso safuna mankhwala owonjezera ambiri.

Koma ana 23 ndi ochepa. Ndipo mu 2018, kafukufuku wokulirapo wa ku Canada ndi America adaonetsa kuti malamba apamkono ongodina pa P6, opanda singano, sadachepetse mseru mwa ana. Choncho njirayi ndi yongothandizira. Siichiza khansa ndipo siilowa m'malo mwa mankhwala.

Apa ndi pofunika kuchenjera. Wina akamva za singano atha kuganiza kuti kutemera mwana mphini kwa sing'anga ndi chimodzimodzi. Ayi ndithu.

Mankhwala a khansa amachepetsa asilikali a m'thupi komanso tizinthu tothandiza magazi kuundana. Kabala kakang'ono ka lezala katha kulowetsa tizilombo m'magazi kapena kutaya magazi osaleka. Ngakhale katswiri wa acupuncture amagwiritsa ntchito singano zatsopano, ndipo amayamba wadziwa momwe magazi a mwana alili.

Mwana akamasanza, auzeni anamwino msanga. Mumpatse madzi ndi chakudya pang'onopang'ono koma pafupipafupi. Akatentha thupi ali kunyumba, thamangirani naye kuchipatala chapafupi, monga cha Holy Family, tsiku lomwelo.

Kusanza kumatha pakapita masiku ochepa, koma khansa yosiyidwa panjira imabwerera. Tsiku lomwe adokotala alemba m'buku lachipatala lisaphonyedwe.