Tsamba la ndiwo likuphunzitsa madokotala a mtima

Amayi amene mumathyola ndiwo kudimba, tatengani tsamba limodzi muliyang'anitsitse padzuwa. Muona mtsempha waukulu ukugawikana kukhala timitsempha ting'onoting'ono mpaka kunsonga. Timitsempha timeneti nditimene tinakopa ofufuza a ku Worcester, m'dziko la America, m'chaka cha 2017.

Vuto lawo linali ili. Mtsempha wopatsa mtima magazi ukatsekeka, mbali ina ya mnofu wa mtima imafa ndipo siphukanso, pamangotsala chipsera. Akatswiri anadziwa kale kulera maselo a mtima m'mbale kuti apange chigamba chomata pamalo ofawo. Koma chigambacho chikangokhuthala pang'ono, m'kati mwake mumafa, chifukwa selo silikhala ndi moyo likatalikirana ndi magazi kupitirira mamilimita 0,2. Zili ngati dimba lalikulu lopanda ngalande: mbewu za pafupi ndi mtsinje zimakondwa, zapakati zimafota.

A Glenn Gaudette ndi wophunzira wawo Joshua Gershlak anatenga masamba a sipinachi nawatsuka ndi mankhwala onga sopo kwa masiku angapo. Zobiriwira zonse zinachoka, tsamba linatsala loyera mbee, koma mitsempha yake ili yosawonongeka. Atapopera madzi a utoto paphesi, madziwo anayenda mpaka m'timitsempha. Kenaka anadzalapo maselo a mtima wa munthu, ndipo maselowo anayamba kugunda, nakhala akugunda kwa masiku 21.

Ena anayesa njira zina. Mu 2008 a Doris Taylor ku Minnesota anatsuka chimodzimodzi mtima wa khoswe. Mu 2012 a Jordan Miller ku Pennsylvania anaumba ukonde wa shuga, naukuta ndi maselo, kenaka nasungunula shugayo kuti mutsale njira zodutsa magazi.

Abale, tisathamange. Palibe munthu amene anaikidwa tsamba limeneli m'chifuwa. Wina akabwera pamsika ndi botolo kunena kuti masamba ake amamerezanso mtima, ndalama zanu musamupatse. Kupweteka pachifuwa, phuma ndi kutupa miyendo n'zopita nazo kuchipatala.

Tsambalo lili ndi chilema chachikulu. M'thupi magazi amapita ndi njira ina n'kubwerera ndi ina, pamene tsamba lili ndi khomo limodzi lokha, paphesi. Magazi akalowa, potulukira palibe.