Mfuti ya m'manja ya .22: kusankha kumayambira pa chipolopolo

Ku America, komwe kuwombera chandamale ndi masewera a anthu ambiri, wophunzira kawirikawiri amayambira pa mfuti ya m'manja ya .22. Zipolopolo zake ndi zotsika mtengo kuposa zina zonse, ndipo mfutiyo ikalira sikankha dzanja mwamphamvu, choncho munthu amatha kuwombera masana onse osatopa komanso thumba lake osabooka. Vuto limabwera m'sitolo. Mitundu ndi yambirimbiri, ina ya madola osakwana 200, ina yopitirira madola 2,000, ndipo aliyense amatama yake. Mkangano wa kuti yoposa zonse ndi iti sutha chifukwa anthu amauyambira pakati. Zabwino ndi zovuta zonse za mfutizi zimachokera ku kachipolopolo komweko, ndiye amene wakamvetsa sasocheranso posankha.

Moto wa mumkombero

Nambala ya .22 ndi kunenepa kwa chipolopolo poyeza m'mainchesi, komwe ndi pafupifupi mamilimita 5.6. Chipolopolo chilichonse chili ndi zinthu zinayi: mtovu umene umauluka, chigoba chamkuwa, onga, ndi mankhwala oyatsira ongawo akamenyedwa. M'zipolopolo za apolisi ndi asilikali mankhwalawa amakhala m'kabatani kamene kali pakatikati pa tsinde la chigoba. M'chipolopolo cha .22 mulibe kabatani. Tsinde la chigoba analipinda n'kupanga mkombero wozungulira ngati wa lichero, ndipo mankhwala oyatsira amathiridwa m'kati mwa mkomberowo akadali onyowa, chigoba chikuzungulitsidwa kuti afike ponseponse. Kamsomali ka mfuti kamafinya mkomberowo, moto n'kubuka. Mukatola chigoba chowombedwa kale mudzaona kachipsera m'mphepete, pakati pali posalala. Zipolopolo za mtundu uwu ndi zimene zimatchedwa rimfire.

Nzeruyi inayamba ku Paris mu 1845 ndi Louis-Nicolas Flobert, amene anapanga kachipolopolo kopanda onga, kowombera chandamale m'nyumba. Mu 1857 Horace Smith ndi Daniel Wesson a ku Springfield, m'chigawo cha Massachusetts, anathiramo onga n'kutulutsa .22 Short pamodzi ndi mfuti yawo ya Model 1. Mu 1887 kampani ya J. Stevens Arms and Tool inatulutsa .22 Long Rifle, imene mwachidule imalembedwa .22 LR, yokhala ndi mtovu wolemera magalamu pafupifupi 2.6. Imeneyi ndiyo idakali mfumu mpaka lero. Pali abale ake amphamvu, .22 WMR ya Winchester ya mu 1959 ndi .17 HMR ya Hornady ya mu 2002, koma ndi okwera mtengo, aphokoso, ndipo mphamvu yawo imaoneka bwino m'mfuti zazitali.

Kapangidwe ka .22 LR kamabweretsa mavuto anayi. Chigoba chiyenera kukhala chopyapyala kuti kamsomali kachifinye, choncho sichingapirire onga wambiri. Nthawi zina mankhwala oyatsira safika mbali ina ya mkombero, ndipo kamsomali kakamenya pamenepo mfuti imakana. Mtovu wake ndi wopakidwa phula kunja, ndiye phulalo likasakanikirana ndi mwaye mfuti imada msanga. Pomaliza, mikombero yotuluka kunja imakolana zipolopolo zikasanjikizana m'magazini. Mfuti yabwino ya .22 ndi imene opanga ake anathana nazo bwino zinthu zinayizi pa ntchito imene inu mukuifunira.

Volovolo kapena pisitolo

Volovolo ndi mfuti ya ng'oma yozungulira, chipolopolo chilichonse m'chipinda chakechake. Ubwino wake ndi woti sisankha chakudya. Chipolopolo chofooka, champhamvu, ngakhale .22 Short, zonse imawombera, chifukwa chimene chimazungulitsa ng'oma ndi dzanja la munthu, osati mphamvu ya onga. Chimodzi chikakana, mumakhethemulanso ndipo chipinda chotsatira chimabwera chokha. Smith & Wesson anatulutsa K-22 mu 1931, imene mdzukulu wake ndi Model 617, yachitsulo chosachita dzimbiri, yolemera kupitirira kilogalamu, ndipo ina mwa mitundu yake imalowa zipolopolo 10. Ruger Single-Six ya mu 1953 ndi ya mtundu wa mfuti za m'mafilimu a anyamata oweta ng'ombe: musanawombe chilichonse mumayamba mwakokera kanyundo kumbuyo ndi chala chachikulu. Kuchedwa kumeneku ndi mphunzitsi wabwino, chifukwa wophunzira amaganiza asanawombe. Zina mwa mfutizi zimabwera ndi ng'oma ziwiri, ya .22 LR ndi ya .22 WMR, ndipo n'kulakwa kuika chipolopolo cha LR m'ng'oma ya WMR chifukwa chipinda chake ndi chotakasuka ndipo chigoba chimatha kung'ambika.

Volovolo ilinso ndi zake. Kuti mkombero ufinyike pamafunika kumenya kwamphamvu, ndiye sipuling'i ya kanyundo imakhala yolimba. Pa volovolo imene chala chimodzi chimazungulitsa ng'oma n'kukweza kanyundo nthawi imodzi, chokhethemulira chimakhala cholemera kwambiri, moti wa zala zofooka amagwedeza mfuti n'kuphonya. Mwaye ukaunjikana m'zipinda, zipolopolo zimayamba kulowa mokakamiza ndipo zigoba zimakanirira potuluka.

Pisitolo imadzidyetsa yokha kuchokera m'magazini. Pafupifupi mapisitolo onse a .22 amagwira ntchito mophweka: onga ukaphulika chigoba chimakankha chitsulo chotsekera kumbuyo, chitsulocho chimataya chigobacho, ndipo sipuling'i imachibweza chitanyamula chipolopolo china. Mphamvu ya .22 LR ndi yochepa, yongokwanira ntchitoyi pang'ono. Chipolopolo chikafookerapo, kapena mwaye ukachuluka, chigoba chimatsamwa pakhomo. N'chifukwa chake pisitolo ya .22 imasankha zipolopolo ndipo imafuna kupukutidwa kawirikawiri. Mphoto yake ndi chokhethemulira chopepuka ndi kuwombera mosadukiza.

Ntchito ndiyo imatchula dzina

Wofuna kuphunzira kulasa pakatikati ayang'ane mapisitolo amene mpope wake sugwedezeka ndipo tizitsulo tochalirira sitiyenda mfuti ikamalira. Kholo la mapisitolo a mpope wosagwedezeka ndi Colt Woodsman ya John Browning, imene inayamba kugulitsidwa mu 1915. Mu 1949 William Ruger ndi Alexander Sturm anatsegula kafakitale ku Southport, m'chigawo cha Connecticut, n'kutulutsa Ruger Standard pamtengo wa madola 37.50. Ruger anatengera zina ku pisitolo ya asilikali a ku Japan yotchedwa Nambu, ndipo anatsitsa mtengo popanga thupi la mfutiyo ndi zitsulo ziwiri zodinda n'kuziwotcherera. Kwa zaka zoposa 60 eni mfutizi ankadandaula chinthu chimodzi: kuimasula kunali kwapafupi, koma poibwezeretsa munthu ankayenera kuipendeketsa kuti kachitsulo kolendewera kumbuyo kwa kanyundo kagwere pamalo pake, apo ayi mfuti inkauma osatseguka. Ambiri ankapita nayo kwa mmisiri ili m'kathumba, zidutswazidutswa. Ruger Mark IV ya mu 2016 inathetsa zimenezi ndi batani limodzi lakumbuyo. Pa mfuti imene imada msanga chonchi, kumasuka mosavuta si nkhani yaing'ono. Opikisana nayo ndi Browning Buck Mark ya mu 1985 ndi Smith & Wesson Victory ya mu 2016, ndipo pamwamba pawo pali Model 41 ya kampani ya Smith ndi Wesson ya mu 1957, yokwera mtengo koma yotchuka pa mipikisano ya ku America.

Gulu lachiwiri ndi la mapisitolo otsanzira mfuti zazikulu. Glock 44, imene inalengezedwa kumapeto kwa 2019, ndi yofanana kukula ndi Glock 19 ya mamilimita 9, kuti amene amagwira ntchito ndi yaikuluyo azolowetse dzanja popanda kuwononga ndalama zambiri. Taurus TX22 ya mu 2019 imalowa zipolopolo 16, SIG Sauer P322 ya mu 2022 imalowa 20. Izi ndi zopepuka ndipo zambiri ndi zotsikirapo mtengo, koma tizitsulo take tochalirira tili pa chitsulo chimene chimathamanga uku ndi uku, choncho pa kulasa pamodzimodzi sizifika pa gulu loyamba lija.

Gulu lachitatu ndi la mipikisano ya Olimpiki. Kumeneko amayi amapikisana pa mtunda wa mamita 25, ndipo abambo amawombera zandamale zisanu motsatizana m'masekondi 8, kenako 6, kenako 4. Onse amagwira ndi dzanja limodzi ndipo amagwiritsa ntchito .22 LR; mpikisano wa abambowu unasiya .22 Short mu 2005. Malamulo a bungwe loyendetsa masewerawa la ISSF salola mfuti yolemera kuposa magalamu 1,400, ndipo chokhethemulira chiyenera kunyamula magalamu 1,000 osagwa. Pardini ya ku Italy ndi Walther ya ku Germany ndi mayina omveka kwambiri kumeneku. Zogwirira zake amazisema molingana ndi dzanja la mwini wake. Wongoyamba kumene sangaone phindu la ndalama zimenezi, chifukwa kunjenjemera kwa dzanja lake n'kwakukulu kuposa kusiyana kwa mfutizi ndi Ruger wamba.

Timfuti ta m'thumba, monga Beretta 21A, timakopa chifukwa cha kuchepa, koma ndito tovuta kwambiri kulasa nato. Tizitsulo tochalirira tikayandikana, kulakwitsa kwa milimita imodzi pamfuti kumasanduka masentimita ambiri pachandamale. Akatswiri ambiri salimbikitsanso .22 ngati mfuti yodzitetezera, chifukwa cha kukanakana kuja ndi kuchepa kwa mphamvu.

Dzanja ndi chipolopolo zivomereze

Pisitolo ya MCM, imene inaphunzitsa mibadwo ya owombera ku Soviet Union kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940, inapangidwa ndi Mikhail Margolin, munthu wosaona. Ankazindikira kaumbidwe ka chitsulo chilichonse pochipapasa. Wogula naye adalire dzanja kuposa chithunzi cha pabokosi. Mfuti yopanda chipolopolo, yoloza kumalo kopanda munthu, muigwire mutatsinzina, mutambasule mkono, kenako mutsegule maso. Ngati tizitsulo tochalirira tangokhala pamzere, chogwirira chakukwanani. Ngati mpope waloza kumwamba kapena pansi, mudzalimbana nayo masiku onse. Chala chifike pa chokhethemulira popanda kupotoza dzanja, ndipo chokhethemuliracho chigwe mwadzidzidzi, chosakwekwereza. Musanachiyese funsani mwini sitolo, chifukwa mfuti zina za rimfire zikakhethemulidwa zopanda kanthu kamsomali kamamenya mlomo wa chipinda n'kuufinya, mpaka zigoba kuyamba kukanirira.

Mpope wa mainchesi 4 mpaka 6 ndi wokwanira ntchito zambiri. Kulemera ndi bwenzi la wowombera chandamale, chifukwa mfuti yolemera sivina ndi kugunda kwa mtima, koma yopitirira mphamvu za mkono imatopetsa msanga.

Mfuti ziwiri za mtundu umodzi, zotuluka m'fakitale imodzi, zimatha kukonda zipolopolo zosiyana. Zipolopolo za liwiro wamba zimachoka m'mfuti yaitali pa mamita pafupifupi 330 pa sekondi, pansi pang'ono pa liwiro la phokoso, ndipo ndizo amakonda a mipikisano. Zothamanga kwambiri, monga CCI Mini-Mag, zimakankha bwino chitsulo chotsekera, ndiye mapisitolo osankhasankha amazimeza mosavuta. Odziwa sagula katoni ya 500 nthawi imodzi. Amagula timabokosi ta 50 ta makampani angapo, amatsamiritsa manja pa thumba la mchenga, n'kuwombera khumikhumi pa pepala lakelake pa mamita 25. Pepala limene mabowo aunjikana pamodzi, mfuti isanakane ngakhale kamodzi, ndilo limatchula chipolopolo chogula chochuluka.

Kuchepa sikuchotsa ngozi

Wandale wa ku America Robert Kennedy anaphedwa ku Los Angeles mu 1968 ndi volovolo ya .22. Pulezidenti Ronald Reagan anatsala pang'ono kufa mu 1981 ndi chipolopolo cha .22, ndipo mneneri wake James Brady, amene anawombedwa m'mutu tsiku lomwelo, analumala moyo wake wonse. Lamulo la mu 1993 lofufuza mbiri ya ogula mfuti ku America linatchedwa dzina lake. Mabokosi a .22 LR amachenjeza kuti chipolopolocho ndi choopsa mpaka mtunda wopitirira kilomita ndi theka, ndipo chikamenya mwala kapena madzi chimanjanja n'kulowera kwina. Phokoso lake limaononga makutu pang'onopang'ono, choncho zotsekera m'makutu ndi magalasi oteteza maso ziwerengedwe pamtengo wa mfutiyo. Mtovu umatsalira m'manja, ndiye kusamba musanadye ndi lamulo. Chipolopolo chikakana, mfuti ikhale yolozabe ku chandamale kwa kanthawi musanaitsegule, chifukwa nthawi zina moto umachedwa kugwira.

Kwa ambiri kusankha kumathera pa lamulo la dziko. Ku Britain, munthu wina atapha ana 16 ndi mphunzitsi wawo pasukulu ya ku Dunblane mu 1996, nyumba ya malamulo inaletsa mfuti za m'manja mu 1997, poyamba zazikulu, kenako ndi za .22 zomwe, moti owombera a Olimpiki a dzikolo ankakachita zokonzekera zawo kunja. Ku South Africa lamulo la mu 2000 limafuna kuti munthu ayambe wapeza satifiketi yosonyeza kuti amadziwa kugwiritsa ntchito mfuti, ndiponso akhale ndi sefa yosungiramo. Ku Malawi ndi ku Zambia kupezeka ndi mfuti kapena zipolopolo popanda chilolezo ndi mlandu wopita nawo kundende, kaya mfutiyo ndi yaing'ono chotani. Choncho ndondomeko yake ndi iyi: chilolezo choyamba, kenako sefa yokhoma kumene ana sangafike, mfuti payokha zipolopolo pazokha, kenako maphunziro kwa mlangizi wovomerezeka. Dzina la mfuti limabwera pomaliza, ndipo kwa wongoyamba amene akufuna kulasa bwino, pisitolo ya mpope wosagwedezeka kapena volovolo yolemera bwino idzamutumikira zaka zambiri asanaipose luso.