Mapazi a Chuma ndi Wekotani m'misewu ya Mumbai

Masiku ano mabanja athu ena a muno mu Birmingham, Coventry ndi Wolverhampton amapita ku India, ena kukaona odwala omwe atumizidwa kuchipatala kuchokera kumudzi, ena kuukwati wa anzawo achimwenye. Amene adutsira ku Mumbai, mzinda wa padoko womwe unkatchedwa Bombay kufikira 1995, kawirikawiri amatengedwa kukaona dera lakale la atsamunda lotchedwa Fort. Oyendetsa alendo amawaonetsa chipata cha Gateway of India chomwe chidatha kumangidwa mu 1924, ndi siteshoni yaikulu ya sitima ya m'ma 1880, kale Victoria Terminus. Zithunzi zimajambulidwa, ulendo watha. Chomwe oyendetsa alendowo satchula n'chakuti m'misewu imeneyi mudayendapo ana a kwathu.

Mu Julayi 1861, David Livingstone ndi Bishopu Charles Mackenzie adamasula akapolo kumapiri a Shire. Mwa omasulidwawo mudali anyamata awiri achiyao, Chuma ndi Wekotani, omwe adakaleredwa kumishoni ya ku Magomero. Mishoniyo itapasuka, Livingstone adawatenga pa kasitima kake ka Lady Nyassa, komwe adakapangitsa kuti kazikayenda pa nyanja yathu koma sikadafikeko. Adanyamuka ku Zanzibar kumapeto kwa Epulo 1864, nafika ku Bombay mu Juni atakhala pamadzi masabata oposa 6. Kumeneko anyamatawo adasiyidwa m'manja mwa mbusa wa ku Scotland, John Wilson, kuti aphunzire sukulu, ndipo Chuma adabatizidwa mu 1865 napatsidwa dzina loti James.

Choncho, abale, mukafika ku Fort musathamangire nyumba zotchukazo, pakuti Chuma sadazione. Zomwe zidalipo m'masiku ake ndi tchalitchi cha St Thomas cha mu 1718 ndi Town Hall ya mu 1833 ya nsanamira zoyera, momwe muli laibulale ya Asiatic Society. Malinga a mzindawo ankagwetsedwa zaka zomwezo molamulidwa ndi bwanamkubwa Bartle Frere. Dzina la mphunzitsi wawo lidakalipo pa Wilson College, moyang'anana ndi gombe la Chowpatty. Maina a anawo mudzawatchula nokha.

Ife amene ntchito yathu ndi yoona za umoyo wa ana ndi mabanja sitingaimve nkhaniyi mopepuka. Mwana wochotsedwa kwa makolo, wosinthidwa dzina, wosiyidwa kwa alendo kutsidya la nyanja poti akaphunzire: timakumana naye mpaka lero, ndipo nthawi zina omusiyawo ndife tomwe. Ena amati anyamatawo adachita mwayi. N'zoona adapulumuka ku goli, koma mu 1866, ulendo wa Livingstone utafika kwa Mponda ku Mangochi, Wekotani adanena kuti wamva za abale ake, ndipo adatsalira komweko. Sukulu ya ku Bombay sidamuiwalitse kwawo. Chuma adapitirira mpaka kwa Chitambo komwe Livingstone adamwalirira mu 1873, ndipo pamodzi ndi Susi adatsogolera onyamula mtembo kufikira ku Bagamoyo. Iye adamwalira ku Zanzibar mu 1882.

Amene sangakwanitse tikiti ya ndege asadandaule, pakuti mbali ina ya mbiriyi ili pakhomo pompano. Ana ena omasulidwa pa zombo za akapolo ankaleredwa ku Nasik ndi bungwe la Church Missionary Society, ndipo zolembedwa zakale za bungweli zimasungidwa ku Cadbury Research Library, pa Yunivesite ya Birmingham ku Edgbaston. Mmodzi mwa ana a ku Nasik adali Jacob Wainwright, Myao nayenso, amene adaperekeza mtembo wa Livingstone kuno ku Mangalande nanyamula nawo bokosi ku Westminster Abbey pa 18 Epulo 1874. Laibulaleyi imalandira anthu wamba. Chofunika ndi kupangana nawo tsiku ndi kutenga chiphaso.