Chilonda chikakana kupola pambuyo pa opaleshoni yodula khungu la pamimba

Azakhali anga amakhala ku Croydon, kum'mwera kwa London, ndipo amagwira ntchito yosamalira okalamba. Zaka zingapo zapitazo anachitidwa opaleshoni yochepetsa chifu chifukwa cha kunenepa kwambiri ndi matenda a shuga. Thupi linatsika, shuga nayo inatsika, koma khungu silinabwerere m'malo mwake. Linatsala lolendewera pamimba, ndipo kunsi kwake kunkachita thukuta ndi tizilonda tosatha. NHS kawirikawiri siilipira opaleshoni yochotsa khungu lotere, choncho anasunga ndalama n'kukachititsa kuchipatala cholipira. Patatha masiku 12 anandiimbira foni usiku.

"Mwanangu, mawa ubwere udzandione. Pamsoko pakutuluka mafinya."

Azakhali amalankhula Chingerezi bwino, koma akadwala amaganiza m'Chichewa. Ndinayamba kuwaperekeza kwa anamwino, ndipo kwa milungu 9 ndinkamva chilonda chimodzi chikufotokozedwa m'zinenero ziwiri. Mawu athu ena ankatithandiza kuposa a pakapepala ka kuchipatala, ena ankatisocheretsa.

Kuti mumvetse chifukwa chake bala limeneli limavuta, muyenera kudziwa kadulidwe kake. Dokotala amacheka kuchokera mbali ina ya chiuno kukafika mbali inayo, m'mwamba pang'ono mwa chinena. Kenaka amasenda khungu pamodzi ndi mafuta ake kulichotsa paminofu mpaka chakunthiti, n'kulikokera pansi, kudula lotsalalo, kuboola malo atsopano a mchombo ndi kusoka. Posendapo, timitsempha tambiri timene tinkabweretsa magazi kuchokera kunsi timaduka, ndiye khungu limadalira magazi ochokera kumwamba ndi m'mbali. Malo amene ali kutali kwambiri ndi magaziwo ndi pakati pa msoko, ndipo ndi pomwenso khungu limakokeka kwambiri. Kwa munthu amene waonda kwambiri, madokotala ena amachekanso mzere wina wotsika kuchokera pachifuwa, kuti misoko iwiri ikumane ngati chilembo cha T chozondoka. Azakhali anachekedwa motero, ndipo bala lawo linatseguka pamphambano pomwepo, kukula kwake ngati chala chachikulu cha kudzanja.

Vuto loyamba linali mawu oti mafinya. Kwa azakhali, chilichonse chotuluka pachilonda chomwe si magazi ndi mafinya. Namwino anafunsa mafunso amene ife sitinadzifunse: zotulukazo n'zamtundu wanji, n'zolimba kapena zamadzimadzi, zikununkha kapena ayi? Zinali zoyera mwachikasu, zopanda fungo, ngati madzi a m'thuza la moto. Amenewo si mafinya. Khungu likasendedwa, pakati pa ilo ndi minofu pamatsala mpata, ndipo thupi limatsanuliramo madzi. Madokotala amati seroma, ndipo ndi limodzi mwa mavuto ofala kwambiri pambuyo pa opaleshoni imeneyi. N'chifukwa chake wodwala amatuluka m'chipinda cha opaleshoni ali ndi timachubu totulutsa madzi, ndipo amauzidwa kuvala chovala chothina pamimba kwa milungu pafupifupi 6. Madzi ochepa thupi limawamwa lokha. Akachuluka, mimba imatupa ndipo ukaigwira imagwedezeka ngati thumba la madzi. Zikatero dokotala amawakoka ndi jakisoni, nthawi zina kangapo. Kufinya wekha kunyumba kumangotsegulira tizilombo njira. Mafinya enieni amakhala olimba, achikasu kapena obiriwira, kawirikawiri onunkha, ndipo amasonyeza kuti tizilombo talowa kale. Palinso kutupa kwa magazi otayikira kunsi kwa khungu, komwe kumabwera mwamsanga tsiku loyamba kapena lachiwiri ndi ululu waukulu, ndipo nthawi zambiri kumafuna kubwereranso kwa dokotala wodulayo.

Chimene chinanditenga mtima kwambiri ndi nkhani ya kufiira. Kapepala kamene azakhali anapatsidwa kanati ayang'anire ngati khungu lozungulira bala lafiira. Khungu la azakhali ndi lakuda bii. Silifiira ngakhale atapsa mtima chotani. Sabata yachitatu bala linalowadi tizilombo, koma iwo ankayang'ana pagalasi, n'kuona kuti palibe kufiira, n'kukagona. Limeneli si vuto la iwo okha. M'chaka cha 2020, Malone Mukwende, mnyamata wobadwira ku Zimbabwe amene ankaphunzira udokotala ku St George's ku Tooting, anatulutsa pamodzi ndi aphunzitsi ake awiri kabuku kotchedwa Mind the Gap, kosonyeza mmene zizindikiro za matenda zimaonekera pakhungu lakuda. Anachita zimenezi ataona kuti mabuku amene ankaphunzitsidwa nawo ankafotokoza khungu la azungu ngati kuti ndilo khungu la anthu onse.

Apa m'pamene Chichewa chimaposa kapepala kaja. Ife sitinena kuti chilonda chafiira, timati chatukusira, ndipo mawuwa amanena za kutupa, kutentha ndi kupweteka kobaya, osati za mtundu. Taonaninso mawu oti kupola. Phala limapola, moto wa mkangano umapola, chilonda nachonso chimapola. M'chinenero chathu, kuchira kwa bala ndi kuchoka kwa kutentha. Namwino wina amene anazolowera odwala akuda anatiphunzitsa zomwezo ndi manja: ika kuseri kwa dzanja pafupi ndi bala, kenaka pamalo ofanana nawo mbali ina ya mimba, umve kusiyana. Ona ngati khungu lada kuposa lozungulira, ngati likunyezimira, ngati lalimba ukalidina. Koposa zonse mvetsera ululu. Ululu wa opaleshoni umachepa tsiku ndi tsiku, ndiye ukayamba kukula patapita masiku angapo, chilipo chimene chalakwika. Namwino anatenga madzi a pabala ndi kathonje kukawayeza, ndipo dokotala analembera azakhali mankhwala opha tizilombo.

Koma pankhani ina nzeru ya kwathu inatsutsidwa. Tonse tinakula tikumva kuti chilonda uchisiye chipitidwe mphepo kuti chiume, chichite nkhanambo. Azakhali ankafuna kumasula bandeji usiku pachifukwa chomwecho. Amene anasonyeza kuti zimenezi si zoona anagwira ntchito yake mu London momwemuno. George Winter anasindikiza zotsatira za kafukufuku wake m'magazini ya Nature m'chaka cha 1962. Anacheka timabala tosazama pakhungu la nkhumba, tina n'kutiphimba ndi pulasitiki yopyapyala, tina n'kutisiya pamtunda. Tophimbidwato tinamera khungu latsopano mofulumira pafupifupi kawiri. Chifukwa chake n'chakuti maselo a khungu amayenda kuchokera m'mphepete mwa bala kulowera pakati, ndipo amayenda bwino pamalo achinyezi. Pakakhala nkhanambo amayenera kukumba njira kunsi kwake. Komabe chinyezi chikapyola muyeso khungu la m'mphepete limayera n'kufewa ngati zala za munthu amene wachapa tsiku lonse, choncho ntchito ya bandeji ndi kumwa madzi owonjezera popanda kuumitsa bala.

Azakhali anakhumudwa atamva kuti bala lotsegukalo salisokanso. "Nanga ndalama zonse zija, andisiya ndi dzenje?" Koma kusoka bala limene muli tizilombo, komanso pomwe khungu likukokeka kale, ndi kutsekera tizilomboto m'kati. Amalisiya kuti lidzaze lokha kuchokera pansi. Namwino ankalitsuka ndi madzi a mchere a kuchipatala, n'kuikamo nsalu yofewa yopangidwa kuchokera ku ndere za m'nyanja ya mchere, imene imasanduka ngati phala ikamwa madzi. Patapita sabata m'dzenjemo munayamba kuoneka nyama yofiira yatimibulu, ndipo azakhali anachita mantha poganiza kuti bala likukula. Imeneyo ndiyo nyama yatsopano, ndipo pamenepa pokha m'pamene kufiira kumakhala kofanana kwa wakuda ndi mzungu. Zachikasu zomatirira ngati mamina ndi nyama yakufa yofunika kuchotsedwa ndi namwino. Khungu likada ngati khala n'kuuma ngati chikopa, ndiye kuti magazi sanafikepo ndipo lafa, limenelo amalidula. Mabala akuluakulu amawaika kachipangizo kamene kamakoka mpweya ndi madzi kudzera m'siponji yomatidwa pabala, njira imene Louis Argenta ndi Michael Morykwas a ku Wake Forest ku America anaifotokoza m'chaka cha 1997. La azakhali silinafike pamenepo.

Tsiku lina ndinawapeza atawiritsa madzi, thawulo lili m'manja. Ankafuna kuthowa pamimba kuti kutupa kutsike, monga mmene amayi amachitira mwana akabzungunyuka bondo. Mtima wanga unagunda, chifukwa namwino anali atatichenjeza. Mitsempha yomvera imadukanso pa opaleshoni, ndipo khungu la kunsi kwa mchombo limakhala ladzanzi kwa miyezi. Munthu akhoza kupsa mpaka matuza osamva kanthu, pakhungu limene magazi ake ndi operewera kale. Botolo la madzi otentha, limene anthu kuno amagona nalo nyengo yozizira, ndi loopsa chimodzimodzi. Sipiriti nayo imapha maselo atsopano pamodzi ndi tizilombo, ndipo GV amene tinkapakidwa tili ana amabisa mtundu wa bala, namwino osaona chimene chikuchitika.

Nkhani ya chakudya inali yovuta mwanjira ina. Nyama yatsopano imamangidwa ndi zakudya zomanga thupi, koma chifu cha azakhali n'chaching'ono tsopano, chimadzaza ndi mbamu zochepa. Akayamba ndi nsima, malo a ndiwo atha. Katswiri wa zakudya anawauza kuti ayambe kudya mazira, nsomba, nkhuku kapena nyemba, nsima ibwere pomalizira ngati malo atsala. Kumasulira zimenezi kunandiseketsa, chifukwa kwathu chakudya ndi nsima, ndiwo n'zotsitsira chabe, ndiye ine ndinali kuuza munthu wamkulu kuti adye ndiwo zokhazokha ngati mwana wosaleredwa bwino. Anatinso aziyeza shuga pafupipafupi, popeza shuga ikakwera asilikali a m'thupi amafooka. Azakhali sasuta, koma kwa osuta nkhani ndi yaikulu: nikotini, kaya wa mu ndudu kaya wa mu vape, amafinya timitsempha totsala tija, ndipo madokotala ambiri amafuna kuti munthu asiye milungu ingapo opaleshoni isanachitike.

Panalinso ntchito. Wosamalira okalamba amadzutsa anthu pabedi tsiku lonse, ndipo azakhali akapanda kupita kuntchito ndalama sizilowa mokwanira. Sabata yachinayi anati akumva bwino, abwerere. Koma msoko umene ukuoneka wotseka kunja umakhala usanalimbe m'kati. Pamilungu 3 umakhala ndi mphamvu pafupifupi 20 pa 100 ya khungu losadulidwa, pamiyezi 3 umafika cha m'ma 80 pa 100, ndipo supitirira pamenepo. Anakhala kunyumba, monyinyirika, ndipo msuweni wanga anawathandiza lendi ya mwezi umenewo.

Pambuyo pake ndinadziwa kuti madzi aja anayamba kutuluka masiku atatu asanandiimbire. Chinawachedwetsa ndi manyazi. Sanauze amayi anzawo a kutchalitchi za opaleshoniyi poopa kunenedwa kuti munthu wamkulu akufuna kukongola, ndipo ankaganiza kuti a NHS akawadzudzula popeza anakachititsa kolipira. Chipatala chimene chadula munthu ndicho choyamba kuimbiridwa, koma zikafika poopsa NHS imathandiza posatengera kumene opaleshoni inachitikira. Nambala ya 111 ndi yofunsira malangizo usana ndi usiku. Munthu akayamba kunjenjemera ndi kutentha thupi, kusokonezeka mutu, kupuma mofulumira kapena kusakodza tsiku lonse, tizilombo tingakhale titafalikira m'magazi, ndipo apo m'poimba 999. N'chimodzimodzi chifuwa chikabaya ndi kubanika mwadzidzidzi, makamaka ngati katumba wa mwendo umodzi watupa, chifukwa magazi oundana m'mwendo amatha kuyenda kukatseka m'mapapo.

Azakhali anali ndi mwayi woti chipatala chawo chinali ulendo wa sitima. Anthu ambiri a ku UK amapita ku Turkey kumene mtengo ndi wotsika, n'kubwerera patatha masiku ochepa, pomwe mavuto a bala amakonda kuonekera sabata yachiwiri ndi yachitatu. M'chaka cha 2023 unduna woona za kunja wa UK unati ukudziwa za nzika zake zoposa 25 zimene zinamwalira ku Turkey kuyambira Januwale 2019 zitapita kukalandira chithandizo cha kuchipatala. Ku England chipatala chochita opaleshoni chimayenera kulembetsedwa ku Care Quality Commission, ndipo dzina la dokotala likhoza kufufuzidwa m'kaundula wa General Medical Council. Ine ndikanawonjezera funso limodzi lofunsa musanalipire: bala likatseguka sabata yachitatu, adzalimanga ndani, ndipo ndalama zake zili m'kati mwa mtengowu kodi?

Sabata yachisanu ndi chinayi dzenje lija linatsekeka, ndipo azakhali anati chapola. Namwino anagwirapo n'kuvomera kuti palibenso kutentha, koma anati chipsera chipitiriza kusintha kwa chaka chimodzi kapena chimodzi ndi theka. Khungu lakuda limakonda kuchita zipsera zotukuka, ndipo zina, zimene madokotala amati keloid, zimakula kupyola malire a bala lenileni, monga timaonera pamakutu a ena amene anabooledwa. Anawapatsa mafuta a silikoni opaka tsiku lililonse, n'kunena kuti chipsera chikayamba kukwera ndi kuyabwa akaonane ndi dokotala msanga, popeza pali jakisoni wochifewetsa. Pamphambano paja patsala kachipsera kokhuthala, kakuda kuposa msoko wonse. Azakhali anabwerera kuntchito sabata ya 11, atapempha kuti mwezi woyamba asamadzutse okalamba ali okha.