Phwando la mwana pabwalo ku Kanjedza

Mwana akamakumbukira tsiku lobadwa ku Kanjedza, makolo ambiri amayamba kuda nkhawa ndi mtengo wa jumping castle. Komatu ana a kuno kufupi ndi Limbe ali ndi masewera awoawo osalira ndalama, ndipo ndi omwe amatenthetsa phwando.

Fulaye ndiye patsogolo. Pamangofunika kampira kachikulunga, botolo la Sobo lopanda kanthu ndi mulu wa mchenga. Ana awiri amaima uku ndi uku n'kumaponya mpira, wina ali pakati kuzinda, kudumpha, kwinaku akuthira mchenga m'botolo mothamanga. Akadzaza asanalasidwe, gulu lake lapambana. Phokoso lake limamveka mpaka kwa aneba, ndipo ngakhale mwana wamanyazi amapezeka wavula nsapato. Mpirawo ukhale wofewa: nsanza kapena mapepala mkati, chingwe kunja. Majumbo opyapyala, omwe boma linaletsa mu 2015, safunikanso apa.

Aang'ono amakonda chipako ndi chibisaliro. Atsikana okulirapo apatseni chingwe cha jingo kapena timiyala ta phada, anyamata achite mpikisano wa magalimoto amawaya. Matumba a chimanga opanda kanthu nawo amakwanira mpikisano wodumpha.

Chofunika kusamala ndi malo. Mabwalo ambiri ndi aang'ono, msewu uli pafupi, choncho munthu wamkulu mmodzi aime pageti. M'mwezi wa Okutobala dzuwa limaswa mtengo. Yambitsani masewera chakumadzulo, ndipo madzi akumwa ndi thobwa zikhale pamthunzi ana asanafike.