Newark Yatunganso Pampopi Mosaopa

Amene anaona mzinda wa Newark, ku New Jersey m'dziko la America, mu Ogasiti 2019 sangakhulupirire mmene zinthu zilili lero. Nthawiyo anthu ankaima pamizere kulandira madzi a m'mabotolo, mipopi ili m'nyumba zawo. Makolo ankaopa kumwetsa ana madzi a pampopi chifukwa munali mtovu, chitsulo chowononga ubongo wa mwana mwakachetechete, chomwe m'madzi sichioneka ndipo sichinunkha.

Vutoli linaonekera poyera mu 2017, atayeza madzi otungidwa m'makomo. Malamulo a dzikolo panthawiyo ankati mtovu ukapitirira magawo 15 pa biliyoni, akuluakulu a zamadzi achitepo kanthu. Pofika 2019, ku Newark unali utapitirira mlingowo katatu ndi kuposa. Gwero lake linali kumalo oyeretsera madzi a Pequannock. Asidi anachulukirapo m'madzi, mankhwala oteteza mapaipi a sodium silicate anatha mphamvu, madzi n'kuyamba kudya mapaipi akale a mtovu.

Koma taonani zomwe zinatsatira! Mu Meyi 2019 anayamba kuthira mankhwala a orthophosphate. Amenewa amamata m'kati mwa paipi monga mayi azira pansi m'nyumba, madzi n'kumadutsa osakhudza mtovu. Akatswiri sanagone. Ankatunga madzi m'makomo, kuyeza kuchuluka kwa asidi (pH), kuyeza mtovu, kenako kubwereranso kukayeza. Chapakati pa 2020 uthenga wokoma unamveka: mtovu watsika kufika pansi pa mlingo uja!

Meya wa mzindawo, Ras Baraka, sanalekere pa mankhwala okha. Boma la Essex County, dera lomwe muli Newark, linathandiza kupeza ngongole ya madola 120 miliyoni, ndipo khonsolo ya mzindawo inakhazikitsa lamulo lolola amisiri kusintha paipi ngakhale mwini nyumba palibe, kuti alendi asavutike. Misewu inakumbidwa umodzi ndi umodzi, mtovu kunja, kopa m'kati. Zaka 3 zisanathe, mapaipi oposa 23,000 anali atasinthidwa, eni nyumba osalipira kalikonse. Ha, ntchito kukoma! Mu Febuluwale 2022, wachiwiri kwa pulezidenti wa dzikolo, Kamala Harris, anafika kudzauyamikira mzindawo monga chitsanzo kwa mizinda ina.

Chomwe chinaulula vuto ndi kuyeza, ndipo chomwe chinatsimikiza kuti mankhwala agwira ndi kuyeza komweko. Inu oyang'anira madzi kulikonse, musakhutire poona madzi ali mbee pamalo oyeretsera. Pitani kumpopi wa munthu wamba, mukayeze pomwe mwana amamwera.