Usiku wolondera mowa ku Angónia

M'midzi ya Angoni ku Domwe ndi kuzungulira Ulongwe, mwambo wa chiliza suchitika popanda mowa wa masese. Tsikulo amuna amavina ngoma, akuluakulu amathira kamowa pansi kuuza mizimu, ndipo abale a ku Dedza ndi ku Ntcheu amadutsa chipata cha Calómue kudzakumbukira malemu pamodzi. Koma ntchito yaikulu imakhala itagwiridwa kale kuseri kwa nyumba, kumene amayi amachezera usiku kulondera migolo.

Kufulula kumayamba ndi chimera. Chimanga kapena mawere amaviika, kuvundikira mpaka atamera, kuyanika padzuwa n'kukagaya. Amaphika phala la mgaiwa m'migolo, likazizirirapo amathiramo chimera, chimene chimasungunula phalalo n'kulisandutsa lotsekemera. Wothira chimera phala likadali lotentha kwambiri wapha mphamvu yake. Mawa lake phalalo likawawasa pang'ono amaliwiritsanso, kuliziziritsa, n'kuwonjezera chimera china. Womwa pamenepa wamwa thobwa. Zotsatira zake ndiye zimafuna munthu wodziwa.

Mowa ukayamba kuwira wokha popanda moto, tizilombo ta yisiti timakhala tikudya kutsekemera kuja n'kutulutsa ukali, mpweya ndi kutentha. Kutenthako kumafulumizitsanso tizilomboto, motero mgolo umene madzulo unali phee, pakati pa usiku umakhala ukulira, thovu likukwera, gaga akuyandama pamwamba. Mtsikana wolondera amathamanga kukagogoda: "Agogo, dzukani, wayamba kusefukira!" Agogo sakuwa. Amapisa mkono, kumva kufunda kwake, kulawa pachala. Kenako amatunga ndi chipanda kugawira m'mbiya ina yotsuka bwino, kuvundula ndi mthiko kuti mpweya utuluke, n'kuchotsa nsanza zimene anafunditsa mgolowo. Ndiye chifukwa chake wofulula wanzeru sadzaza mgolo mpaka kukamwa, ndiponso satseka ndi chivindikiro cholimba. Amangoikapo lichero. Achinyamata amene amatsekera mowa wowira m'chigubu chapulasitiki amachipeza chitafufuma, mwina chitaphulika, mowa uli mbwee pansi.

Dziko la Angónia n'lokwera, phiri la Domwe limapitirira mamita 2,000, ndipo nyengo imalamula mowa. Mu June ndi July, kukazizira, mowa umachedwa kudzuka, amaufunditsa masaka n'kuusendeza kufupi ndi mafuwa. Mu October ndi November vuto limatembenuka: umawira mwaphuma, ndipo ukasiyidwa wotentha umasasa tsiku la mwambo lisanafike. Pamenepo mbiya yadothi imaposa mgolo wapulasitiki, chifukwa imakhala yozizira. N'zomvetsa chisoni kuti mbiya zikuchepa m'makomo.

Palinso malamulo a makolo. Wofulula mowa wa mizimu amadziletsa, sagona ndi mwamuna wake, ndipo munthu wotentha, ndiye kuti amene wagonana posachedwa, saloledwa kuyandikira mbiya, poopa kuti mowa usasa. Ena lero amati nzachikale. Ine ndimaona kuti lamuloli limachepetsa manja opisa m'mowa ndiponso limasiya udindo kwa munthu mmodzi wosamala, ndipo mowa umapsa bwino.

Chimene chasintha kwambiri ndi shuga ndi yisiti wa buledi wa kugolosale. Ofulula ogulitsa amathiramo kuti mowa ukhale waukali msanga. Mowa wotere ndi umene umasefukira mosaletseka, ndipo kukoma kwake sikufika pa wa chimera chokha, umene umapsa pang'onopang'ono mpaka tsiku lokuntha ndi khuntho.

Thovu likatayika, chatayika ndi mowa basi. Choopsa chili mu ufa. Mu January 2015 ku Chitima, m'boma la Cahora Bassa m'chigawo chomwechi cha Tete, anthu 75 anamwalira atamwa mowa wa pombe pamaliro. Anthu ankanena za ndulu ya ng'ona, koma ofufuza anapeza poizoni wa bongkrekic acid, wopangidwa ndi bakiteriya wotchedwa Burkholderia gladioli mu ufa wa chimanga umene unanyowa n'kuwonongeka. Poizoniyu satha mphamvu ndi moto, ngakhale phala liwire kawiri.

Amayi a ku Angónia, ufa umene unanyowa kapena wayamba kununkha chuku, musafululire mowa. Tayani, ngakhale mwambo uli mawa.